Jamu wa zipatso zam'tchire ndi nkhalango za m'midzi: mafunso ndi mayankho

Mvula ikamayandikira, m'mbali mwa misewu ya ku Dedza, Ntcheu, Kasungu ndi Mzimba mumadzaza mabeseni a masuku. Kwa masabata ochepa amatchipa kwambiri moti ena amangoolera pansi pa mtengo. Pofika February simungawaonenso. Mtengo womwe unadyetsa mudzi wonse uja umaima miyezi yambiri osabweretsa kanthu pakhomo, ndipo ndi m'miyezi imeneyo momwe nkhwangwa imaupezera. Mafunso ali m'munsimuwa ndi omwe amabwera kawirikawiri nkhani yophika jamu wa zipatso zam'tchire ikabuka, kaya m'magulu a amayi, m'makomiti a nkhalango kapena kwa ogula a m'tauni.

Jamu ameneyu akusiyana bwanji ndi wa m'sitolo?

Kaphikidwe n'kamodzimodzi. Mumawiritsa mnofu wa chipatso pamodzi ndi shuga ndi kanthu kowawasa mpaka madzi achepe, zonse zigwirane. Kusiyana kuli pa gwero la chipatso. Jamu wambiri wa m'masitolo akuluakulu amachokera kunja ndipo amapangidwa ndi zipatso zolimidwa m'minda ikuluikulu. Yemwe tikunena pano ndi wa zipatso za mitengo yomwe palibe anaidzala, yomwe inamera yokha m'nkhalango ya mudzi, m'mphepete mwa minda, pa chulu kapena m'mbali mwa mtsinje.

Ndi zipatso ziti zomwe zimapanga jamu wabwino?

Malambe ndiwo osavuta kuposa zonse. Ufa wake umauma wokha m'chikamba chipatso chili mumtengo, choncho simuthamangitsana ndi kuola. Mukhoza kuwatola m'chilimwe n'kumaphika pang'onopang'ono kwa miyezi. Ali kale ndi kuwawasa, komanso ali ndi pekitini wambiri, kanthu kachilengedwe kamene kamachititsa jamu kugwirana. Milambe yachuluka m'madera otentha a m'munsi monga Mangochi, Salima, Balaka, Neno, Chikwawa ndi Karonga.

Masawo amapsa nthawi yozizira, cha m'ma June mpaka August. Amachuluka m'chigwa cha Shire, ndiponso m'chigwa cha Zambezi kwa anansi athu a ku Tete ndi kumpoto kwa Zimbabwe. Jamu wake ndi wofiirira, wa fungo lamphamvu. Anthu akumeneko anazolowera kale kuwayanika, ndipo masawo oumawo amaphikika bwino mukawanyika m'madzi usiku wonse.

Za bwemba, kuwawasa kwake kumafuna shuga wochuluka, koma n'kothandiza kwambiri posakaniza ndi zipatso zotsekemera zopanda mphamvu. Nthudza zakupsa bwino zimapereka jamu wa mtundu wokongola kuposa onse, wofiira moderako. Mateme ali ndi fungo lomwe munthu sangaliiwale, koma samalani: chotsani nthangala zake zonse popanda kuziswa, ndipo musagwiritse ntchito osapsa. Maula, matowo ndi mfula amathekanso, ngakhale matowo amatanuka ngati ulimbo ndipo amafuna kusefa kwambiri.

Masuku, omwe aliyense amayamba kuwaganizira, ndiwo ovuta. Nthangala zake n'zikuluzikulu, mnofu ndi wochepa, amada msanga mukangowaswa, ndipo alibe kuwawasa kokwanira. Pamafunika mandimu ambiri ndi manja achangu. Komabe ine ndimati ndi ofunika kuwavutikira, chifukwa ndiwo amaola ambiri chaka chilichonse, ndipo misuku ndi imodzi mwa mitengo yomwe imadulidwa kwambiri m'nkhalango za miombo.

Tinene zoona: botolo la jamu lingaletse bwanji munthu kudula mtengo?

Botolo palokha silingaletse munthu. Chomwe chimaletsa ndi masamu omwe mwini nkhwangwa amachita m'mutu mwake ataima pansi pa mtengo.

Mtengo ukadulidwa n'kuwotchedwa makala umalipira kamodzi. Ukasiyidwa umabereka chaka chilichonse, koma zipatso zam'tchire zili ndi vuto limodzi lalikulu: zonse zimapsa nthawi imodzi, aliyense amakhala nazo, mtengo wake pamsika umagwa, ndipo zimaola m'masiku ochepa. Mayi wosenza dengu la masuku kupita nalo pamsewu alibe mphamvu yokana mtengo womwe wogula watchula, chifukwa akawabweza kunyumba mawa lake amakhala atayamba kuwonongeka. Jamu amathetsa vuto limeneli. Chipatso cha masiku atatu chimasanduka katundu wokhala miyezi yambiri, wonyamulika kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, wogulitsika mu April pomwe palibe suku ngakhale limodzi pamsika.

Zikatero mtengo uja umakhala ndi anthu oulondera. Amayi omwe akudziwa kuti fizi ya mwana imachokera m'misuku ya kuphiri sakhala chete akaona utsi wa uvuni wa makala ukutuluka kumeneko. Amakanena kwa amfumu. Amatuluka kukazimitsa moto. Nkhalango yomwe inkatchedwa ya aliyense, kutanthauza kuti siinali ya wina aliyense, imayamba kukhala ndi eni ake.

Koma pali mfundo yomwe sindifuna kuibisa. Izi zimatheka pokhapokha ndalama zikufika kwa anthu omwe ali ndi mphamvu yodula kapena yoletsa kudula. Ngati phindu lonse likuthera kwa mwini fakitale mumzinda, otola zipatso n'kumangolandira ya sopo, nkhalango ipitirira kutha ngakhale pabotolo atajambulapo mtengo wobiriwira.

Kodi zoterezi zinachitikapo m'Malawi muno?

Zinachitika, ndipo chitsanzo chodziwika bwino ndi cha kwa Kam'mwamba m'boma la Neno, lomwe nthawi imeneyo linali mbali ya Mwanza. Aliyense woyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kudzera ku Zalewa amadziwa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu m'derali. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, bungwe la Wildlife Society of Malawi, lomwe lero limatchedwa WESM, linayamba ntchito ndi midzi ya kumeneko mothandizidwa ndi dziko la Germany. Cholinga chinali choti anthu apeze ndalama m'nkhalango osaidula. Anayamba kupanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba, kuweta nkhanga ndi kuika ming'oma ya njuchi. Pambuyo pake panakhazikitsidwa kampani ya Village Hands yoyendetsa malondawo, ndipo juwisi wa malambe anafika m'masitolo a m'mizinda.

Katundu wamkulu kumeneko anali juwisi osati jamu, koma maganizo ake ndi omwewa. Chomwe ntchitoyi inasintha n'chachikulu: malambe, omwe anthu a m'tauni ankawaona ngati chakudya cha ana ndi anyani, anasanduka katundu wa msika. Lero mafizesi a malambe ali pakhomo la sukulu iliyonse, ndipo magulu ang'onoang'ono ambiri akupanga jamu, ufa ndi mafuta a malambe. Chomwe siinathetse nachonso chikuoneka ndi maso, pakuti makala akugulitsidwabe pamsewu wa Zalewa. Zonse ziwirizi ziyenera kunenedwa limodzi.

Nanga bwanji makala sakutha?

Chifukwa ofuna makala ndi ochuluka zedi. Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Thumba la makala lili ndi wogula tsiku lililonse la chaka, ndipo amalipira pompopompo. Jamu amafuna shuga, mabotolo, ulendo wa kumsika, ndiponso kudikira kuti mwini sitolo agulitse kaye. Kwa bambo yemwe mwana wake wadwala usiku uno, fodya wake ndi amene ali pamphuno. Sindingamuweruze msanga.

N'chifukwa chake magulu omwe amalimba ndi omwe amagula zipatso kwa otola ndi ndalama pamanja tsiku lomwelo, ndipo sadalira jamu yekha. Nkhalango yomweyo imapereka uchi, bowa nthawi ya dzinja, mphalabungu, udzu wofolera ndi mankhwala. Bowa wambiri yemwe timadya, monga utale, amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo, moti mitengoyo ikatha bowa nayenso amasowa. Zonsezi zikasonkhanitsidwa m'chaka chathunthu ndi pomwe nkhalango yoimirira imayamba kupikisana ndi uvuni.

Kuphika jamu kumadya nkhuni. Kodi si kuwononga komweko?

Funso labwino, ndipo gulu lomwe silinadzifunse lisayambe n'komwe. Jamu amawira nthawi yaitali, ndiye palinso madzi owiritsira mabotolo. Mukaphika pa mafuwa ndi nkhuni zodula m'nkhalango yomwe mukuti mukuiteteza, mukungotunga madzi ndi dengu.

Njira zake n'zodziwika. Gwiritsani ntchito mbaula yosunga moto monga Chitetezo kapena chitofu chomangidwa ndi njerwa. Sonkhezerani zitsononkho, mapesi a nandolo, nthambi zouma zogwa zokha ndi zikamba za malambe omwewo, zomwe zimayaka bwino kwambiri. Dzalani kamunda ka nkhuni ka gulu, ka mitengo yokula msanga monga keshya ndi gilirisidiya. Ndipo phikani m'poto wotakata, wosazama, chifukwa madzi amauluka msanga ndipo nkhuni zimalowa zochepa.

Jamu amaphikidwa bwanji?

Sankhani zipatso zakupsa koma zosaola, mutsuke m'madzi aukhondo. Chipatso chimodzi chovunda chimaononga poto yense. Chotsani makoko, muwiritse pang'ono kapena kunyika kuti mnofu ulekane ndi nthangala, kenako musefe. Malambe mumangowanyika m'madzi ofunda n'kutikita mpaka ufa wonse uchoke pa nthangala ndi ulusi wake, mupeze phala lolemerera.

Yezani pa sikelo, musamangoyerekeza ndi maso. Poyambira pabwino ndi kilogalamu 1 ya mnofu wosefa pa kilogalamu 1 ya shuga, zomwe zimapereka jamu wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi ndi theka. Zipatso zosawawasa monga masuku ndi maula zimafuna madzi a mandimu, ndimu limodzi kapena awiri pa kilogalamu. Thirani shuga moto uli wochepa, muvundule ndi mthiko mpaka asungunuke yense, kenako muwonjezere moto kuti ziwire mwamphamvu. Musachoke pamoto, chifukwa jamu amapserera pansi mwakachetechete. Thovu la pamwamba muziyengula.

Poto akhale wa chitsulo chosachita dzimbiri. Miphika ya chitsulo wamba kapena ya aluminiyamu imadyeka ndi kuwawasa kwa zipatso, ndipo jamu amada n'kumamveka chitsulo mkamwa.

Podziwa kuti wapsa, donthezani pang'ono pa mbale yozizira, mudikire mphindi imodzi, n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya osabwereranso pamalo pake, wapsa. Okhala ndi choyezera kutentha amayang'ana madigiri 104 kapena 105, koma dziwani kuti kumalo okwera monga Dedza madzi amawira asanafike pa 100, choncho kumeneko yezani kaye pomwe madzi anu akuwirira n'kuwonjezerapo madigiri 4 kapena 5. Magulu ogulitsa m'masitolo amagula kachipangizo koyezera shuga, ndipo jamu wosungika bwino amakhala ndi shuga wokwana magawo 65 mpaka 68 pa 100.

Mabotolo ndi zotsekera zake ziwiritsidwe kwa mphindi zosachepera 10. Thirani jamu akadali wotentha m'mabotolo otentha, musiye kampata kakang'ono pamwamba, mupukute kukamwa kwa botolo, mutseke mwamphamvu nthawi yomweyo.

Jamu wanga sanagwirane, wina wachita chuku. Ndalakwitsa pati?

Wosagwirana nthawi zambiri amakhala kuti sanawire mokwanira, kapena chipatso chinalibe kuwawasa ndi pekitini. Mubwezereni pamoto, muthiremo mandimu kapena phala la malambe pang'ono. Wolimba ngati switi ndiye kuti anawira mopitirira. Chuku chimabwera ngati shuga anachepa, botolo linali lonyowa kapena losawiritsa, kapena chotsekera chinali chakale cholowetsa mpweya. Botolo lochita chuku, lotupa chotsekera kapena lonunkha ngati mowa litayidwe lonse. Osangoyengula pamwamba n'kugulitsa. Botolo limodzi loipa limaphera gulu lonse msika.

Shuga wonseyu si woipa m'thupi? Nanga mavitamini amatsala?

Shuga ndiye amasunga jamu, pakuti amamanga madzi kuti tizilombo tisaswane. Mukamuchepetsa kwambiri, jamu amafuna filiji ndipo amakhala masiku ochepa. Choncho jamu ndi wopaka pa buledi, pa chinangwa kapena pa chigumu pang'ono, si chakudya chodya ndi supuni, ndipo odwala matenda a shuga afunse kaye kuchipatala. Malambe ali ndi vitamini C woposa wa malalanje kangapo, koma kuwiritsa kumaononga gawo lina la vitaminiyu. Wogulitsa asamanamize anthu kuti jamu ndi mankhwala. Wofuna mphamvu yonse ya malambe athire ufa wake m'phala la mwana.

Zipatso zikamagulitsidwa, ana a m'mudzi adya chiyani?

Ili ndi funso lomwe limandikhudza kwambiri. Masuku amapsa kuyambira cha m'ma October mpaka January, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Kwa mabanja ambiri si zongosangalatsa pakamwa, ndi chakudya chenicheni cha mwana wochokera kusukulu. Zaka za njala monga 2002 anthu ambiri anapulumukira zakutchire. Mwambo wathu sunkaletsa mwana kapena wapaulendo kutola chipatso chogwa, ndipo malonda sayenera kuthetsa mwambo umenewu.

Mudzi ukhoza kugwirizana kuti mitengo ya pafupi ndi nyumba ndi njira ya kusukulu ikhale ya kudya, yakutali ndiyo ya malonda. Ukhozanso kunena kuti jamu aziphikidwa pachimake pa nyengo, pomwe zipatso zachuluka kuposa pakamwa. Ndipo zina zitsale pansi. Nkhalango imafuna nthangala kuti imerenso, komanso anyani, mbalame ndi mileme zomwe zimafesa nthangalazo zimafunika kudya. Milambe yambiri yomwe tikuiona ndi yakalekale, pomwe ing'onoing'ono ndi yosowa chifukwa mbuzi ndi moto zimaitha ikadali yanthete. Gulu lophika malambe litenge gawo la nthangala zomwe zatsala posefa n'kufesa ku nazale.

Bwanji ena amathyola masuku osapsa?

Chifukwa akadikira wina awatsogolera. Mtengo ukakhala wopanda mwini, aliyense amathamangira kugenda, kugwedeza, ngakhale kumenya thunthu ndi mwala waukulu kuti agwe, kenako n'kukawavundika. Mungaone zipsera zake pa makungwa a misuku yambiri ya pafupi ndi misewu. Mtengo umavulala, ndipo masuku ovundika amada, satsekemera mofanana ndi ogwa okha. Gulu la jamu lili ndi mphamvu yosintha izi mosavuta, pongokana kugula osapsa ndi kulipira mtengo wabwinoko pa akupsa okha. Amfumu nawonso akhoza kulengeza tsiku loyambira kutola, monga zimachitikira ndi nsomba pa chilumba cha Mbenje ku Salima, komwe nyanja imatsekedwa ndi kutsegulidwa mwa lamulo la mfumu kwa zaka zambirimbiri tsopano.

Zipatso za m'nkhalango ndi za ndani malinga ndi lamulo?

Zimatengera malo. Lamulo la Nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limalola mudzi kupatula nkhalango yake pa malo a makolo ndi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe. Mudzi umadzipangira malamulo ake a katoledwe, kadulidwe ndi chindapusa mothandizana ndi alangizi a za nkhalango. Apa ndi pomwe ntchito ya jamu imakhala pabwino, chifukwa eni nkhalango amadziwika.

Nkhalango za boma monga Dzalanyama, Chimaliro ndi Zomba-Malosa ndi nkhani ina. Kutengamo zinthu zokagulitsa kumafuna chilolezo cha nthambi ya za nkhalango, kapena mgwirizano woyendetsera nkhalango limodzi pakati pa boma ndi midzi yozungulira. M'malo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete musalowe popanda chilolezo cha oyang'anira. Gulu lipite ku ofesi ya za nkhalango ya paboma lisanagule poto woyamba. Pepala limeneli limatetezanso gululo tsiku lomwe munthu wamphamvu adzafune kutenga nkhalangoyo.

Kodi mitengo imeneyi ingadzalidwe pakhomo?

Inde, ngakhale ambiri tinakula tikumva kuti mtengo wam'tchire amadzala ndi Mulungu yekha. Akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi wa mitengo la ICRAF anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri pa Makoka pafupi ndi Zomba. Ankayenda m'midzi kufunsa anthu kuti msuku wotsekemera kwambiri, wa zipatso zikuluzikulu, uli pati, n'kutenga timphukira take kukamezanitsa. Msuku wochokera ku nthangala ukhoza kutenga zaka 10 kapena kuposerapo usanabereke, pomwe womezanitsa umabereka patangopita zaka zochepa.

Pali zinthu ziwiri zomwe wodzala masuku ayenera kudziwa. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaimuna siibereka, koma popanda iyo yaikazi nayonso siibereka. Choncho musamalize kudula yomwe mukuiona ngati yosabereka. Chachiwiri, mbande za masuku zimakula bwino mukasakaniza m'machubu dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa muli tizamoyo ta mtundu wa bowa tomwe mizu yake imadalira. Nthangala zifesedwe zikadali zaziwisi, sizichedwa kufa.

Komabe njira yachangu ndi yotchipa kuposa zonse ndi kusamalira zitsa. Mitengo ya miombo imaphukira yokha kuchokera ku chitsa ndi mizu. Phiri lometedwa likatetezedwa ku moto wa m'chilimwe, mbuzi ndi nkhwangwa, mphukira n'kupatuliridwa kuti zitsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, m'zaka zochepa limabiriwiranso popanda kugula mbande ngakhale imodzi. Nyengo yodzala mitengo ya 15 December mpaka 15 April ndi yofunika, koma mbande zambiri zodzalidwa pa mwambo zimafa chaka chisanathe, pomwe chitsa chili kale ndi mizu yakuya. Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi lingatheke kudzera m'zitsa zomwe zili kale m'minda ndi m'mapiri.

Nanga tizipatso tomwe amagulitsa pa phiri la Zomba?

Okwera phirili amakumana ndi anyamata onyamula timadengu ta sitiroberi, mabulosi, tizipatso tachikasu ta minga, ndi kachipatso kokutidwa ndi kachikwama kouma komwe dzina lake lenilenilo timati jamu. Tonseti timapanga jamu wokoma kwambiri ndipo sitivuta kuphika. Koma tachikasu ta mingato si takuno. Tinachokera ku Asia ndipo timafalikira mwamphamvu n'kutsamwitsa zomera zachilengedwe. Kutitola n'kuphika n'kwabwino. Kutidzala m'nkhalango ina yomwe kulibe ndiye ayi.

Tikufuna kugulitsa m'masitolo. Tiyambire pati?

Yambirani pafupi: pa sukulu, pa tchalitchi, m'matiyirumu, m'malo ogona alendo ndi pa ziwonetsero za ulimi. Kumeneko mumamva msanga zomwe ogula akunena. Masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1972. Amadzayendera malo ophikira ndi kuyeza jamu wanu. Amayang'ana nyumba yophikira yapayokha yosalowa ntchentche, madzi aukhondo, posamba m'manja, zovala zapantchito, ndi ziphaso zakuchipatala za ophika. Palebulo palembedwe dzina la jamu, zomwe zathiridwamo, kulemera kwake, tsiku lophika, tsiku lothera mphamvu ndi dzina la gulu. Kulembetsa ngati kopaletivi kumathandiza potsegula buku ku banki ndi pochita mgwirizano ndi ogula.

Chomwe chimagwetsa magulu ambiri si kaphikidwe ayi. Ndi kuwerengera. Shuga amadya gawo lalikulu la ndalama, ndipo mabotolo agalasi ndi zotsekera zambiri zimachokera kunja, moti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Lembani zonse: zipatso, shuga, mandimu, botolo, lebulo, nkhuni, thiransipoti, mabotolo osweka panjira, ndi tsiku la munthu aliyense wogwira ntchito. Amayi ambiri amaiwala kuwerengera thukuta lawo, n'kumaona ngati apindula pomwe angobweza ndalama za shuga. Botolo lakale likhoza kugwiranso ntchito likatsukidwa ndi kuwiritsidwa bwino, koma chotsekera chikhale chatsopano.

Msika wakunja ulipo?

Ulipo, makamaka wa malambe. Mu 2008 mayiko a European Union analoleza ufa wa malambe kugulitsidwa ngati chakudya, bungwe la PhytoTrade Africa litapempha m'malo mwa opanga a kum'mwera kwa Africa, ndipo ku United States chilolezo chinatsatira mu 2009. Koma chomwe chimapita kunja kwambiri ndi ufa ndi mafuta. Jamu ndi wolemera, botolo limasweka, ndipo malamulo a kumeneko ndi okhwima. Gulu la m'mudzi lichite bwino kaye pa msika wa boma lake. A Malawi okhala ku Johannesburg kapena ku Britain, omwe amalakalaka fungo la masawo, ndi ogula abwino akabwera kudzacheza kumudzi, bola afufuze malamulo a dziko lomwe akubwerera asanalongedze.

Ndalama zigawidwe bwanji kuti pasabuke mkangano?

Otola ndi ophika zipatso ambiri ndi amayi ndi ana, koma katundu akayamba kubweretsa ndalama zooneka, kawirikawiri amuna ndi anthu odziwika ndiwo amatenga mipando. Gulu lilembe malamulo ake ndalama zisanabwere, pomwe mitima ikadali yozizira. Otola alipidwe pa kilogalamu, sikelo ili poyera. Mabuku awerengedwe pamaso pa onse. Gawo lina la phindu lipite ku komiti ya nkhalango, lolipirira olambula njira zotchinga moto ndi olondera, kuti ngakhale banja losaphika jamu lione chomwe nkhalango yabweretsa. Owotcha makala asasalidwe. Amadziwa mtengo uliwonse wa m'phirimo, ali ndi njinga zonyamulira katundu, ndipo akapatsidwa ntchito yolipidwa yotola, kunyamula kapena kulondera, nkhwangwa imodzi imakhala yapumula. Ana athandize kutola pa masiku opuma monga mwa kale, koma asajombe kusukulu chifukwa cha dengu.

Ine ndili m'tauni. Ndingadziwe bwanji kuti jamu yemwe ndikugula akuthandizadi nkhalango?

Funsani. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lebulo yokongola siivuta kusindikiza. Wogulitsa woona amatha kukuuzani mudzi kapena dera lomwe zipatso zinachokera, momwe otola amalipiridwira, ndi zomwe amaphikira. Yang'anani tsiku lothera mphamvu, ndipo dinani pakati pa chotsekera kuti muone ngati chili cholowa m'kati, chosadumpha. Musanenerere mpaka kutsitsa mtengo wa jamu wa gulu kuti ufanane ndi wa fakitale, chifukwa ndalama yomwe mwachotsayo imachoka kwa wotola. Mukamaliza, tsukani botolo mukabweze kwa ogulitsa, ndipo ngati jamuyo anali wamadzimadzi kapena wotsekemera mopitirira, auzeni kuti poto wotsatira akonze.